Ndakulira pa rock, nanga nyimbo za classical ndiziyambire pati?

Wa_Riff walemba:

Moni nonse abale. Ine ndine wa rock, makamaka ija yolemera ya m'ma 1970 ndi metal ya m'ma 1980, ndipo gitala ndimaimbako. Ndikufuna kulowa mu nyimbo za classical mozama, kuzimvetsera ngati mmene ndimamvetserera chimbale cha rock, osati kungoziika chapansipansi uku ndikugwira ntchito zina.

Pali zinthu zimene zikunditchinga. Mndandanda uliwonse wa nyimbo wolembedwa kuti ndi wa oyamba kumene umakhala wa piyano yofatsa, yogonetsa tulo. Ndikatsegula symphony yonse, nyimbo yaitali ija ya orchestra yokhala ndi zigawo zingapo, poyamba sipamveka kanthu, ndimakweza voliyumu, kenako malipenga amalowa mwadzidzidzi mpaka makutu kuwawa. Ndikasaka dzina la nyimbo imodzi pamabwera zimbale mazanamazana, chilichonse ndi manambala ake, Op., BWV, K., ndipo sindidziwa chotenga.

Amene mumazidziwa bwino, ndiyambe ndi nyimbo ziti, zojambulidwa ndi ndani, ndipo ndizimvetsera bwanji kuti ndisamasochere pakati? Kodi zimbale zija magulu a rock anaimba limodzi ndi orchestra ndi poyambira pabwino?

Nsambo_Zinayi walemba:

Achimwene, mindandanda ya oyamba kumeneyo isiyeni kaye. Amaisankha poganiza kuti munthu watsopano akufuna zofewa, pamene khutu lanu linazolowera kulemera, kugunda ndi kukangana kwa mawu. Yambani ndi funso ili: mu rock, n'chiyani kwenikweni chimene chimakugwirani? Yankho lake ndi limene likusonyezeni khomo lolowera.

Ngati ndi riff yobwerezabwereza, tengani Mars, chigawo choyamba cha The Planets ya Gustav Holst, chimene anachilemba mu 1914. Chimatenga mphindi pafupifupi 7. Kugunda kwake ndi 5/4, ndipo kachidutswa kake nkamodzi: manoti atatu ofulumira, awiri aatali, awiri aafupi, imodzi yaitali, onsewo pa G. Poyambirira oimba vayolini, viola, cello ndi besi sakhwekhweza nsambo ndi ubweya wa uta ayi, amazimenya ndi mtengo wake, nchifukwa chake mawu amamveka ouma, ogogoda. Werengani mpaka 5 mokweza kwa mphindi yoyamba, thupi lizolowere, mukatero zonse zimene malipenga akuchita pamwamba zimamveka bwino. Mudzamvamo kawirikawiri mpata wa G ndi D flat, womwe pa gitala ndi mafreti 6 pa nsambo imodzi. Geezer Butler wa Black Sabbath wanenapo kuti riff ya nyimbo yawo yotchedwa dzina la gululo inabadwa iye atayeserera Mars pa besi, ndiye khutu lanu likuudziwa kale mpatawo.

Ngati ndi liwiro ndi ukali, chigawo chachiwiri cha Symphony No. 10 ya Dmitri Shostakovich. Inaimbidwa koyamba ku Leningrad mu December 1953, chaka chimene Stalin anamwalira. Chigawochi nchamphindi 4 zokha, chilibe popumira, ndipo ng'oma yaing'ono ya snare imalowa ngati mfuti. Mukachikonda, pitani ku String Quartet No. 8 yake ya 1960. Pamenepo pali anthu anayi basi, mavayolini awiri, viola ndi cello, chiwerengero chofanana ndi gulu la rock. Chigawo choyamba nchodekha, chomangidwa pa manoti anayi, D, E flat, C, B, ndipo chachiwiri chimagwa pamwamba pake popanda kuima. Musachidumphe choyambacho, chifukwa mphamvu ya chachiwiri imachokera pa kudikirako. Quartet yonse ndi mphindi pafupifupi 20.

Ngati mumakonda kugunda kosayembekezeka kwa prog kapena thrash, The Rite of Spring ya Igor Stravinsky ndiyo yanu. Inaonetsedwa koyamba ngati gule wa ballet ku Paris pa 29 May 1913, ndipo omvera anachita phokoso ndi kukangana muholo momwemo. Mphindi zitatu zoyambirira ndi za zitoliro makamaka, kuyambira ndi bassoon imodzi yolira pamwamba kwambiri pa mawu ake. Pirirani pamenepo. Zikatha, oimba a nsambo amayamba kuponda chord imodzi, uta ukutsika pansi nthawi iliyonse, mofanana ndi dzanja lamanja likamatsekereza nsambo pa mlatho wa gitala. Manoti ndi ofanana kutalika, 32 mu ma bar 8, koma ma horn amamenya pamalo osalingana, motero manotiwo amagawika 9, 2, 6, 3, 4, 5, 3. Yesani kuimba zimenezi pa nsambo ya E yotsekereza, muona chifukwa chake oimba metal ambiri amamulemekeza mkulu ameneyu.

Ngati ndi solo, pitani kwa Niccolò Paganini, Caprice No. 24 mu A minor, imodzi mwa 24 zimene zinasindikizidwa mu 1820. Ndi kanyimbo kafupi kotsatiridwa ndi kusintha 11 ndi mathero. Pa kusintha kwa nambala 9 dzanja lamanzere limakodola nsambo lokha, zomwe woimba gitala amazidziwa ngati pull-off. Woimba gitala Yngwie Malmsteen sabisa kuti anatengera zambiri kwa Paganini. Chigawo chomaliza cha Summer mu The Four Seasons ya Antonio Vivaldi, yosindikizidwa mu 1725, chilinso m'gulu lomweli: mphindi zosakwana 3 za kukhwekhweza kofulumira mu G minor.

Ndipo ngati mukufuna kumva kulemera kwa mawu a anthu, Dies irae ya mu Requiem ya Giuseppe Verdi ya 1874. Ma chord anayi amagwa ngati nkhwangwa, kwaya ikufuula, kenako akabwerera ng'oma yaikulu imayankha pakati pa chord iliyonse.

Zonsezi ndi makomo chabe. Langizo langa lenileni ndi lakuti musankhe nyimbo imodzi yaikulu, muimvetsere yonse kangapo pa sabata imodzi musanapite kwina. Chimbale cha rock chimene mumachikonda simunachidziwe tsiku limodzi, ndipo symphony ilibe kolasi yobwera katatu kuti ikuthandizeni kuloweza, ndiye kubwereza kuli kwa inu. Pa ntchito imeneyi palibe yoposa Symphony No. 5 ya Ludwig van Beethoven, yoimbidwa koyamba ku Vienna pa 22 December 1808. Anthu ambiri amangodziwa manoti anayi oyambirira, koma malo ofunika kwambiri ali pakati pa chigawo chachitatu ndi chachinayi. Orchestra imatsika mpaka kungotsala kunong'ona, ng'oma ya timpani ikugogoda C yokha, mavayolini akuyendayenda ngati asowa njira, kenako m'masekondi ochepa mawu amakwera nkuphulika mu C major. Pamenepo mpamene ma trombone atatu, piccolo ndi contrabassoon zimalowa koyamba. Oimba ake akhala chete zigawo zitatu zathunthu kudikira noti imeneyo.

Wa_Mikisa walemba:

Ndiyankhe za voliyumu, chifukwa ambiri amagwera pamenepo nkumaganiza kuti nyimbozo nzimene zili ndi vuto.

Zimbale za rock, makamaka zotuluka kuyambira m'ma 1990, zimapanikizidwa ndi compressor ndi limiter kuti malo otsika ndi okwera asasiyane kwambiri. Mukaika voliyumu pa vesi yoyamba, ikhala bwino mpaka nyimbo kutha. Ojambula orchestra amasiya mpata waukulu pakati pa ponong'ona ndi pofuula, chifukwa wopeka nyimbo analemba mpatawo m'manoti, kuyambira pp (motsika kwambiri) mpaka ff (mofuula kwambiri) ndi kupitirira. Cholakwika chimene mukuchita ndi kuika voliyumu pa malo otsika. Tembenuzani: pitani kaye pamalo ofuula kwambiri, nthawi zambiri mphindi yomaliza ya chigawo chomaliza, ikani voliyumu pamene ili yamphamvu koma yosapweteka, bwererani koyambirira, ndipo musaikhudzenso. Poyambira pakamveka patali, ndi mmene pakuyenera kumvekera. Boléro ya Maurice Ravel ya 1928 ndi yabwino poyesera zimenezi: snare imayamba pansi penipeni, nkumabwereza kachidutswa kamodzi ka ma bar awiri kwa mphindi pafupifupi 15, mawu akukwera pang'onopang'ono. Mukakweza pa mphindi yoyamba, pofika kumapeto mudzakhala mutatsitsa katatu ndipo nyimbo yonse mwaipha.

Izi zimatheka pamalo achete okha. M'galimoto yoyenda kapena pamsewu, phokoso limameza malo otsika onse, mumakweza kuti muwamve, ndipo malo okwera amafika pa mlingo woononga makutu. Mlingo umene a zaumoyo wa pantchito amagwiritsa ntchito ndi 85 dB kwa maola 8, ndipo mukaonjezera 3 dB iliyonse nthawiyo imadulidwa pakati. Paulendo gwiritsani ntchito mahedifoni otseka khutu lonse kapena ochotsa phokoso, apo ayi sankhani nyimbo zosasintha kwambiri mphamvu, monga za Bach ndi Vivaldi.

Sipika ya foni siyingathe ntchito imeneyi. Nsambo yotsika ya double bass ndi E ya 41 Hz, yofanana ndi ya gitala ya besi, ya cello ndi C ya 65 Hz, ndipo mapaipi aakulu a limba la m'tchalitchi amatsika kupitirira apo. Kasipika kakang'ono sikatulutsa mawu amenewa, choncho mumangomva mavayolini opanda pansi pake, nkumati nyimbo nzopyapyala. Sipika imodzi ya Bluetooth nayo imasakaniza kumanja ndi kumanzere, pamene orchestra inayalidwa m'lifupi: mavayolini oyamba kumanzere, ma cello ndi besi nthawi zambiri kumanja, zitoliro pakati, malipenga ndi ng'oma kumbuyo. Kuyankhana kwa mbali ziwirizi ndi gawo la nyimbo. Mahedifoni wamba a waya amaposa sipika imodzi yodula.

Mu pulogalamu yanu yomvetsera nyimbo, konzani izi kamodzi. Zimitsani shuffle, chifukwa zigawo za symphony zimabwera ngati nyimbo zosiyana ndipo zikasakanikirana palibe chomveka. Zimitsani crossfade, yatsani gapless, apo ayi malo amene a Nsambo_Zinayi afotokoza mu Beethoven adzadukiza ndi kachete pakati pomwe pa kukwera. Zimitsani bass boost ndi equalizer iliyonse ya rock, chifukwa imakweza pansi ndi pamwamba nkukumba pakati, pamene viola, clarinet, horn ndi mawu a anthu zimakhala pakatipo. Pa Spotify pali normalization, yofananitsa mphamvu ya mawu a nyimbo zonse pozifikitsa pa mlingo umodzi wa -14 LUFS. Mukamamvetsera chimbale motsatana imasunga kusiyana kwa zigawo, koma pa shuffle imakonza nyimbo iliyonse payokha, ndiye chigawo chodekha chimakwezedwa kufanana ndi chaukali. Mlingo wa Loud umaonjezeranso limiter. Chapafupi nkungoizimitsa.

Za lossless musavutike nazo poyamba. Chipinda chachete chimasintha zambiri kuposa kuchoka pa 320 kbps kupita pa lossless. Chofunika kuyang'ana ndi chaka chojambulira: zimbale za stereo zinayamba kufala kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo zakale kuposa apo ndi mono, zina zokhala ndi kusokosera. Muli zabwino kwambiri m'menemo, koma si poyambira.

Fuga_BWV walemba:

Za zimbale mazanamazana, pali kusiyana kumodzi kumene mukakugwira zinazo zimamasuka. Mu rock, chimbale chimene gulu linajambula ndiyo nyimbo yeniyeniyo, wina akaimba ndi kubwereza chabe. Mu classical nyimbo ili pa pepala. Beethoven anamwalira mu 1827, kusanabwere makina ojambulira mawu, ndiye palibe chimbale choyambirira. Chimbale chilichonse ndi mmene oimba ena anawerengera manotiwo, ndipo amasiyana kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Woimba piyano Glenn Gould anajambula Goldberg Variations ya Bach kawiri: ya 1955 imatenga mphindi pafupifupi 38, ya 1981 pafupifupi 51. Munthu mmodzi, manoti omwewo. Kusiyanako kumachokera ku liwiro ndiponso ku malo amene wopeka analemba kuti abwerezedwe, omwe oimba ena amabwereza, ena amadumpha. Choncho nyimbo ikakukanani, yesani chimbale china musanaitaye.

Dzina la nyimbo liwerengeni motere: wopeka, mtundu wa nyimbo, nambala yake, kiyi, nambala ya m'kaundula, kenako chigawo ndi liwiro lake m'Chitaliyana. Allegro nchofulumira, Presto kuposa apo, Andante ndi liwiro loyenda, Adagio ndi Largo nzodekha. Op. ndi nambala imene nyimbo inapatsidwa, kawirikawiri posindikiza. BWV ndi kaundula wa nyimbo za Johann Sebastian Bach amene Wolfgang Schmieder anatulutsa mu 1950, ndipo anazisanja potsata mtundu, osati zaka, ndiye nambala yaing'ono sikutanthauza kuti ndi yaubwana wake. K. ndi wa Mozart, wokonzedwa ndi Ludwig von Köchel mu 1862, D. ndi wa Schubert, RV ndi wa Vivaldi. Manambalawa ndiwo chida chanu chosakira. Mukalemba Bach Partita mudzapeza za vayolini ndi za kiyibodi zitasakanikirana, koma mukalemba BWV 1004 mudzapeza imodzi yokha. Apple Music Classical, imene inatuluka mu 2023, inapangidwira kusaka kotereku.

Pa Beethoven No. 5, Op. 67, tengani ya wotsogolera Carlos Kleiber ndi Vienna Philharmonic yojambulidwa mu 1974, ya Deutsche Grammophon. Nthawi zambiri imabwera pamodzi ndi No. 7, ndipo chigawo chomaliza cha No. 7 chimenecho nchimodzi mwa zinthu zoyandikira kwambiri ku rock zimene orchestra inachitapo. Mukaizolowera, imvani ya John Eliot Gardiner ndi Orchestre Révolutionnaire et Romantique ya m'ma 1990, yoimbidwa ndi zida za mtundu wa nthawi ya Beethoven: nsambo za matumbo a nyama, malipenga opanda mavavu, timpani zomenyedwa ndi ndodo zolimba. Mawu ake ndi okakala, akuthwa, ndipo liwiro limayandikira lomwe Beethoven analemba, 108 pa mphindi pa bar iliyonse ya chigawo choyamba. Kenako ya Otto Klemperer ndi Philharmonia, yodekha ndi yolemera ngati doom metal. Kuyerekeza mphindi ziwiri zoyambirira za zimbale zitatuzi kukuphunzitsani ntchito ya wotsogolera orchestra kuposa kuwerenga kulikonse.

Poti mumaimba gitala, dziwaninso izi musanayese kutsatira ndi chida chanu. Ma orchestra a masiku ano amachuna A pa 440 Hz kapena kupitirira pang'ono, koma magulu oimba za Baroque (nthawi ya Bach ndi Vivaldi) ndi zida zakale amakonda 415 Hz, yomwe ndi freti imodzi pansi. Mukaona kuti nyimbo yolembedwa G minor ikumveka F sharp minor, chida chanu chili bwino, ingotsitsani nsambo zonse ku E flat monga amachitira magulu ambiri a rock.

Pa zimbale za rock ndi orchestra, maganizo anga ndi akuti si poyambira. S&M ya Metallica ndi San Francisco Symphony ya 1999, yotsogoleredwa ndi Michael Kamen, ndi ntchito yabwino, koma nyimbo zake zikadali za vesi ndi kolasi, ng'oma zikugwira nthawi, orchestra ikukongoletsa pamwamba. Simuphunziramo kutsatira nyimbo yopanda woimba ng'oma. Concerto for Group and Orchestra ya Jon Lord, imene Deep Purple inaimba ndi Royal Philharmonic Orchestra ku Royal Albert Hall mu September 1969, ikuyandikirako chifukwa inalembedwa ngati concerto ya zigawo zitatu, mtundu wa nyimbo umene woimba mmodzi kapena kagulu kamayankhana ndi orchestra. Chothandiza kwambiri ndi Pictures at an Exhibition. Modest Mussorgsky anailembera piyano mu 1874, Ravel anaikonzera orchestra mu 1922, Emerson, Lake & Palmer anaiimba pa siteji ku Newcastle mu 1971. Imvani zitatuzi mobwerera m'mbuyo, kuchokera ku ya rock mpaka ku piyano yokha. Muona kuti kulemera kwa chigawo chake chotchedwa Baba Yaga kunalimo kale m'zala khumi za munthu mmodzi.

Wa_Riff walemba:

Zikomo kwambiri nonse, za voliyumu ndi za manambala zamveka. Chatsala ndi kusochera kuja. Mu rock ndimadziwa pamene ndili: vesi, kolasi, solo, kolasi. Mu Beethoven ndimagwira manoti anayi aja, kenako pakapita mphindi ziwiri sindidziwanso ngati tili pakati kapena kumapeto. Komanso popanda ng'oma, phazi langa limasowa poponda. Khutu ndiziliika pa chida chiti? Ndipo ndikafuna kukamvera orchestra muholo, ndikhale pati?

Viola_Wachitatu walemba:

Achimwene, chigawo chimenecho chili ndi mapu, ndipo mapu omwewo amagwira ntchito pa chigawo choyamba cha symphony, sonata ndi quartet zambiri kuyambira Haydn mpaka Brahms. Amawatcha sonata form. Tengani chimbale cha Kleiber chimene a Fuga_BWV atchula, chigawo choyamba ndi mphindi 7 ndi masekondi pang'ono, muyang'ane wotchi.

Kuyambira pa 0:00 ndi mutu woyamba, manoti atatu aafupi ndi imodzi yaitali, mu C minor. Cha pa 0:45 ma horn okha amaitana, ndipo mavayolini amalowa ndi mutu wachiwiri, wosalala, mu E flat major. Apa musatsatire mavayolini okha, tsitsani khutu kwa ma cello ndi besi: pansi pa nyimbo yosalalayo akupitiriza kugogoda manoti anayi aja. Cha pa 1:25 zonse zimaima nkuyambiranso pachiyambi, noti ndi noti. Ambiri amasochera pamenepa poganiza kuti chimbale chabwerera, koma Beethoven analemba choncho kuti mitu iwiriyo muimve kawiri isanayambe kuphwanyidwa. Chakumapeto kwa mphindi yachitatu kuphwanyako kumayamba. Mutu umadutsa m'makiyi osiyanasiyana, kuitana kwa ma horn kumadulidwa kukhala manoti awiri, kenako imodzi yokha, zitoliro ndi nsambo zikupatsirana chord imodzi imodzi, mawu akutsika. Mphindi yachinayi itangodutsa, orchestra yonse imabwezeretsa manoti anayi mwamphamvu, ndiko kubwerera kwa mutu woyamba. Masekondi pang'ono kutsogolo aliyense amasiya, nkutsala oboe imodzi ikuimba yokha modekha, chinthu chimene kunalibe ulendo woyamba. Mutu wachiwiri umabweranso, koma tsopano mu C major. Pamene mukuyembekeza kuti zatha, Beethoven amaonjezera mathero aatali ofanana ndi zigawo zinazo. Chigawo chonse chili ndi ma bar 502, ogawika panayi pafupifupi mofanana.

Chimene chimayendetsa zonsezi ndi kiyi: kuchoka pa kiyi ya pachiyambi, kuyendayenda, nkubwerera. Woimba gitala amamva kale kukoka kwa chord ya V kufuna kugwera pa I. Mu sonata form kukoka komweko kumatambasulidwa kwa mphindi zingapo m'malo mwa ma bar awiri. Zigawo zotsatira nzosavuta: chachiwiri chimakhala chodekha, chachitatu ndi gule wa kugunda kutatu wokhala ndi kachigawo kosiyana pakati nkubwerera, chachinayi nchofulumira.

Za phazi: nthawi imagwiridwa ndi mzere wa pansi ndi zida za pakati. Mu nyimbo za Baroque ndi cello, besi ndi harpsichord, zimene zimayenda mosalekeza ngati woimba besi ndi gitala ya rhythm. Mu Haydn, Mozart ndi Beethoven ndi mavayolini achiwiri ndi ma viola obwereza manoti afupiafupi. Timpani si yogwira nthawi, ndi ng'oma yochunidwa pa manoti, nthawi imeneyo awiri okha, ndipo imalowa potsindika. Kuyambira nthawi ya Chopin ndi Liszt oimba amakoka ndi kubweza liwiro mwadala, ndiye phazi likamaphonya mu nyimbo za m'ma 1800 si inu mwalakwitsa. Tsatirani kupuma kwa mzere wa nyimbo monga mumatsatirira woimba akamaimba yekha popanda gulu.

Pophunzitsa khutu kumva pansi, tengani Passacaglia mu C minor ya Bach, BWV 582, ya limba. Mapazi a woimba amayamba okha ndi mzere wa besi wa ma bar 8, ndipo mzerewo umabwerezedwa ka 20, manja akusintha zimene zili pamwamba. Ndi riff ndi solo, kungoti solo ndi mizere itatu kapena inayi nthawi imodzi. Ulendo woyamba werengani kubwereza kwa besi kokha. Mudzapeza malo ena pamene mzerewo wachoka kumapazi nkukwera pamwamba, ndi ena pamene wabisika m'kati mwa manoti othamanga. Ulendo wachiwiri tsatirani mzere wa pamwamba. Chaconne yomaliza BWV 1004 imachita zomwezo pa vayolini imodzi, ma bar anayi obwerezedwa kwa pafupifupi kotala la ola. Manoti a nyimbo zonsezi ali pa tsamba la pa intaneti la IMSLP kwaulere, ndipo ngakhale musathe kuwerenga bwino, kuona pamene mizere ikuchuluka ndi pamene ikutsala umodzi kumathandiza. Makanema a hr-Sinfonieorchester ya ku Frankfurt pa YouTube nawonso ngabwino, chifukwa kamera imapita pa chida chimene chikuimba, ndipo m'masabata ochepa mudzasiyanitsa oboe ndi clarinet, horn ndi trombone.

Muholo, mizere yakutsogolo si yabwino monga pa konsati ya rock. Palibe zokuzira mawu, ndiye mukakhala pafupi mumamva oimba amene ali patsogolo panu, zitoliro zikudutsa pamwamba pa mutu wanu. Khalani pakati, chakumbuyo pang'ono, kapena kutsogolo kwa khonde la m'mwamba, kumene mawu afika atasakanikirana. Maholo ena amagulitsa mipando ya kwaya kumbuyo kwa orchestra. Kumeneko mavayolini amamveka pang'ono, koma malipenga ndi ng'oma zili pamphuno panu ndipo nkhope ya wotsogolera mukuiona, ndiye pa Holst, Stravinsky kapena Shostakovich munthu wa rock akhoza kukondako. Oboe ikapereka A ndiye kuti akuchuna, nyimbo sinayambe. M'manja amaomba nyimbo yonse ikatha, osati pakati pa zigawo, choncho werengani chiwerengero cha zigawo pa pulogalamu ndipo dikirani wotsogolera atsitse manja.

Nsambo_Zinayi walemba:

Ndiwonjezere pang'ono pa za kuomba m'manja, kuti zisakuopseni. Mwambo wokhala chete pakati pa zigawo ndi wa pambuyo pake. Mozart analembera bambo ake kuchokera ku Paris mu 1778 mokondwa kuti anthu anaomba m'manja symphony yake ili m'kati, ndipo pamene Symphony No. 7 ya Beethoven inaimbidwa koyamba mu 1813, omvera anafuna kuti chigawo chachiwiri chibwerezedwe pomwepo. Wina akaomba chigawo choyamba cha concerto chitatha, oimba ambiri sadandaula. Pamene pamafunika kudziletsa ndi pa nyimbo yothera pansi, monga Neptune, chigawo chomaliza cha The Planets, pamene kwaya ya amayi imaimbira m'chipinda china ndipo chitseko chimatsekedwa pang'onopang'ono.

A Viola_Wachitatu, pa mndandanda wa zophunzitsa phazi ndingaikeponso chigawo chomaliza cha Piano Sonata No. 7 ya Sergei Prokofiev, ya 1942. Chili mu 7/8, chogawika 2, 3, 2, ndipo dzanja lamanzere limabwerera ku B flat ndi C sharp mosalekeza kwa mphindi zitatu ndi theka. A Wa_Riff, chimenecho chiyeseni pa besi mukamaliza Mars, ndipo yambani ndi chimbale cha Maurizio Pollini cha 1971.